Lilime Lalitali, Mtima Waung'ono

Kwathu kuno ku Nkhotakota munthu akafuna kugula injini ya boti sachita phuma. Amayamba wafunsa anzake apadooko, amayang'ana kutalika kwa boti lake, amawerenga anyamata ake ndi kulemera kwa chilimira chikanyowa, ndipo akatero ndi pamene amasankha ya mahosipawa 15, 25 kapena 40. Ngakhale mwana wakunyanja amadziwa kuti kainjini kakang'ono pa boti lalikulu ndi maliro, mwera ukakupezerera pakati pa nyanja. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, wochenjera chotere pa nkhani zapamadzi, akalowa m'sitolo kukagula macheka a injini, aja ambiri timangoti tcheniso, nzeru zonse zija amazivula pakhomo ngati nsapato. Maso ake amathamangira ku chitsulo chachitali chakutsogolo. Akaona kuti chikumufika m'chiuno, mtima wake umakhala pansi, ndalama n'kutuluka m'thumba.

Ntchito yanga ndi yokonza mainjini ang'onoang'ono. Ndidayambira pa mainjini a maboti, kenaka padabwera majenereta ndi njinga zamoto za akabaza, ndipo zaka zingapo zapitazi pabenchi panga payamba kufika macheka a injini ambirimbiri. Amabwera atakulungidwa m'thumba la feteleza, mwini wake nkhope ili yakugwa ngati wanyamula mwana wodwala. Ndikawamasula, ambiri mwa iwo nthenda yawo imakhala imodzi: injini ndi yaing'ono koma adaisenzetsa chitsulo cha injini yaikulu. Ndatopa nako kufotokozera munthu mmodzimmodzi makina atafa kale, n'chifukwa chake ndati ndilembe, mwina amene ndalama zake zidakali m'thumba angatolepo kanthu. Paja akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Poyamba timvane mayina. Macheka a injini ali ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Kumbuyo kuli injini, thanki ya petulo, thanki ya oyilo ndi zogwirira. Kutsogolo kuli chitsulo chophwatalala chokhala ndi kanjira m'mbali mwake, momwe tcheni cha mano chimathamangamo. Pabokosi azungu amalemba kuti guide bar. Koma amalume anga, omwe adali mmisiri wosema mabwato kufupi ndi thamanda la Chia, tsiku lomwe adaona makinawa koyamba adawazungulira kawiri manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Mphwanga, chilombo chakochi lilime lake ndi la ng'azi." Dzinalo lidandikanirira, ndipo m'nkhani ino chitsulocho ndizichitcha lilime. Ngati icho ndi lilime, ndiye kuti injini ndi mtima.

Kukula kwa mtima umenewu amakusonyeza ndi timalemba tiwiri, cc. Nambala ya cc imatiuza kukula kwa malo omwe pisitoni imayendamo pokwera ndi kutsika m'silinda. Cc imodzi ndi chimodzimodzi mililita imodzi, ndipo kasupuni kothirira shuga mu tiyi kamalowa mamililita 5. Choncho injini ya 45 cc mtima wake umalowa timasupuni 9 tokha, ya 72 cc timasupuni 14 ndi pang'ono pamwamba, ya 105 cc timasupuni 21. Mpweya wosakanikirana ndi mafuta womwe umapsa m'kamalo kameneka ndiwo mphamvu yonse ya macheka, palibenso kwina komwe ingachokere. Lilime, litalike motani, lilibe mphamvu yakeyake. Limangodya ya mtima.

Tsono taganizani zomwe zimachitika lilime likatalika. Tcheni cha mtundu wofala wa 3/8 pa lilime la mainchesi 20 chimakhala ndi mfundo 72 ndi mano 36. Pa lilime la mainchesi 36 manowo amapitirira 55. Dzino lililonse likalowa mu mtengo limapala kachibanthu kake, ndipo kupalako kumafuna mphamvu. Lilime lalitali likamira lonse m'chipika, mano ochuluka amaluma nthawi imodzi, tcheni nacho n'cholemera, ulendo wake wozungulira n'ngwautali, ndipo paliponse pomwe chikukhudza chitsulo pamakhala kukhulana. Zonsezi zikukoka pa timasupuni tomwe tija. Zili ngati kupatsa mlimi mmodzi makasu atatu n'kumayembekezera kuti apanga mizere itatu nthawi imodzi. Pofika masana mizere ilibe maonekedwe, mlimi ali gone pansi pa mtengo.

Zochitika m'kati mwa makinamo ndimaziona ndi maso ndikamasula. Injini ikalemedwa liwiro lake limatsika, ndipo mawu ake, omwe amayenera kukhala akuthwa ngati a nyenje, amasanduka kubuula. Pakati pa injini ndi tcheni pali kilatchi yomwe imagwira chifukwa cha liwiro lomwelo. Liwiro likachepa imayamba kuterereka, n'kutentha mpaka chitsulo chake kusintha mtundu. Komanso injini za machekawa sizizizira ndi madzi ngati za maboti zomwe zimamwa m'nyanja momwemo. Izi zimadalira mphepo yochokera ku gudumu lamapiko lomwe limazungulira limodzi ndi injini. Ndiye kuti nthawi imene injini ikuvutika kwambiri ndi yomwenso mphepo yoiziziritsa yachepa. Mapeto ake pisitoni imafufuma ndi kutentha, imakanda silinda, tsiku lina n'kungouma gwa, chingwe choliza osakokekanso.

Palinso nkhani ya oyilo. Macheka alionse ali ndi kapampu komwe kamadonthetsa oyilo m'kanjira ka lilime kuti tcheni chiziyenda mofewa. Kapampu ka makina aang'ono adakapanga kuti kazikwanitsa lilime lalifupi. Mukaikapo lalitali, oyilo amathera panjira asanazungulire konse, tcheni chimatentha, chimatanuka, chimayamba kulendewera, ndipo kanjira kaja kamadyeka mbali imodzi mpaka macheka kumacheka mokhota ngati chikwakwa. Ambiri amaonjezera vuto pothira oyilo wakuda wokhuthulidwa m'galimoto, yemwe amakhala ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso. Ena amaganiza kuti akachulukitsa oyilo mu petulo injini ipeza mphamvu. Muyezo adaulemba kale: pa makina ofuna 50 kwa 1 ndi timasupuni 4 pa lita imodzi, pa ofuna 25 kwa 1 ndi timasupuni 8. Kupyola apo ndi utsi ndi mwaye basi, mtima sukula ayi.

Opanga makinawa sadabise kanthu. M'kabuku komwe kamabwera ndi macheka amalembamo utali wa malilime oyenera, kungoti kabukuko ambiri amakayatsira moto. Mwachidule zili motere. Injini ya pakati pa 30 ndi 40 cc, monga Stihl MS 180 ya 32 cc, imayenda bwino ndi lilime la mainchesi 12 mpaka 16, ndipo ntchito yake ndi kusadza nthambi, kudula nkhuni ndi mitengo yomangira. Ya pakati pa 40 ndi 50 cc, monga MS 250 ya 45 cc, imafuna mainchesi 16 mpaka 18. Ya 50 mpaka 60 cc imakwanitsa mainchesi 18 mpaka 20. Ya 72 cc, monga Stihl MS 381 kapena Husqvarna 272 XP, ndi ya mainchesi 20 mpaka 25. Malilime a mainchesi 30 mpaka 36 eni ake ndi mainjini opitirira 90 cc, monga MS 660 ndi chimphona chija cha 070 chomwe chili ndi 105 cc ndi kanthu. Kwa ozolowera masentimita, mainchesi 20 ndi pafupifupi masentimita 50, ndipo mainchesi 36 ndi masentimita 90.

Manambalawa ife akunyanja tiziwawerenga mochenjera. Mtengo wofewa ngati paini wa ku Chikangawa kapena malaina, injini imaudya mosavuta. Koma muwanga, mombo, mtondo ndi bulugamu wouma ndi nkhani ina. Pa mitengo yolimba chotere, mwa manambala awiri omwe ndatchula pa injini iliyonse, tengani laling'onolo. Kuonjezera apo, ife tili ndi mdani yemwe anzathu akumapiri samudziwa kwenikweni, ndiye mchenga. Mwera ukamaomba umakwirira mchenga m'ming'alu ya makungwa, ndipo chipika chomwe chagona pagombe chimavala mchenga thupi lonse. Dzino la tcheni likakumana nawo limabuntha m'kanthawi kochepa. Mmisiri wanzeru amayamba wasenda khungwa ndi chikwanje pomwe akufuna kucheka. Ndipo dziwani kuti mano akabuntha, wa lilime lalifupi amanola 36 n'kuyambiranso ntchito pamene wa lalitali adakali chiweramire ndi tupa wake.

Chizindikiro cha macheka oyenda bwino chimaoneka pansi. Tcheni chakuthwa, chokokedwa ndi injini yokwanira, chimalavula tizibanthu tikulutikulu ngati mphale. Mukaona pakutuluka utuchi wosalala ngati ufa woyera, imani, chifukwa mano abuntha kapena injini yalemedwa. Macheka abwino amadzikoka okha kulowa mu mtengo, munthu amangowawongolera. Mukapezeka kuti mukukanikiza ndi chifuwa chonse, thukuta lili kamukamu, dziwani kuti mukupha makina anu ndi manja anu omwe.

Funso lomwe ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, nanga mtengo ukakhala waukulu kuposa lilime? Yankho lake lili m'kachingwe. Zungulizani chingwe pa tsinde, yezani kutalika kwake, n'kugawa patatu. Nambala yomwe mwapezayo ndi pafupifupi kunenepa kwa mtengowo kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Mango wa masentimita 150 kuzungulira ali ndi masentimita osakwana 50 m'mimba mwake. Lilime la mainchesi 16 likhoza kumugwetsa bwinobwino, chifukwa munthu amacheka mbali ino kenaka n'kuzungulira kukamaliza mbali inayo. Lilime lililonse limadula mtengo wonenepa pafupifupi kawiri kuposa utali wake. Yendani ndi kachingweko kuchokera ku Benga mpaka ku Dwangwa, muyeze mitengo yomwe anthu amadula tsiku ndi tsiku. Mudzapeza kuti lilime la mainchesi 18 kapena 20 likwanira pafupifupi yonse.

Izi ndidawafotokozera alamu anga, amuna awo a mlongo wanga, atagulitsa mpunga wawo wa kilombero chaka cha 2023. Adafuna kuyamba geni yodulira anthu mitengo, ndipo pa ndalama za mpungazo adaonjezerapo ngongole ya kubanki m'khonde yomwe adatenga ndi akazi awo. Ndidawalembera pakapepala kuti ngati ndalama zingakwane agule injini ya 60 kapena 70 cc ndi lilime la mainchesi 20, ndipo ngati zitachepa agule yaing'ono koma lilime lisapyole 18. Adapita ku Lilongwe. Pobwera adatsika basi atanyamula makina otchipa aja omwe pambali pake amalembapo 5800, kutanthauza 58 cc, ngakhale kuti ena mwa iwo ndikayeza silinda ndimapeza kuti nambalayo adaikometsera. Kutsogolo kwake kudali lilime la mainchesi 30. Wogulitsa adachita kusintha kagudumu koyendetsa tcheni ndi kukulitsa mabowo kuti lilowe.

"Alamu," ndidatero, "lilime ili si la injini imeneyi. Tiyeni tilichotse, ndikufunireni lalifupi."

Adaseka. "Alamu, inu mumadziwa za maboti. Munthu akamafuna wodula mitengo amayang'ana chida. Ndikafika ndi kafupi ngati mpeni wosendera chinangwa, ndani angandipatse ntchito?"

Mawu amenewa ndidawasunga chifukwa muli choonadi china. Makasitomala nawonso amagula ndi maso. Wa lilime lalitali amaoneka katswiri asanadule n'kamtengo komwe.

Miyezi yoyamba zidayenda, poti ankadula timitengo ta bulugamu ndi kesha, ndipo mbali ya lilime yomwe inkalowa mu mtengo idali yochepa. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira, madzi adagumula nyumba, kudula msewu wa M5 ndi kugwetsa mitengo yambiri. Madzi ataphwa, ntchito yochotsa mitengo yakugwa idachuluka, ndipo alamu adapeza mango wamkulu yemwe adagwera pa khola la munthu wina. Chipikacho chidali chonyowa, chodzaza matope ndi mchenga, ndipo kwa nthawi yoyamba lilime lija lidamira lonse. Tsiku lachitatu injini idauma. Nditaimasula, pisitoni idali ndi mizere ngati munthu wotemedwa mphini. Ngongole ija idali isanathe. Mlongo wanga adagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo teremu imeneyo mwana wawo wamkulu adayamba sukulu mochedwa. Alamu ndi munthu wakhama, lero adayambiranso ndi makina ogula kwa munthu, lilime la mainchesi 18. Tikakumana nkhani ya lilime sitiikamba.

Ndalama zimabwerera, koma pali zina zomwe sizibwerera. Tcheni chimathamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi imodzi. Chigawo chakumtunda cha nsonga ya lilime chikagunda nthambi kapena chinthu cholimba, macheka onse amadumpha chobwerera kulunjika kumaso kwa wogwira, mofulumira kuposa kuphethira. Lilime likatalika, nsonga yake imakhala kutali ndi maso, imakhudza zinthu zomwe munthu sakuziona, ndipo makina aang'ono osenza lilime lalitali amalemera kutsogolo mwakuti mikono imatopa msanga. Mnyamata wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu adabwereka macheka otere kuti asadze nthambi za mtengo wa pakhomo pa amayi ake. Buleki ya tcheni idathyoka kalekale ndipo mwini wake adangoichotsa. Nsonga idagunda nthambi yakuseri, macheka n'kumutema paphewa. Kuchipatala adamusoka ndipo moyo adapulumuka, koma dzanja lakumanzere siligwiranso nkhafi. Adali msodzi.

Wina anganene kuti basi tonse tigule injini zikuluzikulu. Kumeneko nakonso kuli dzenje lake. Lilime lalifupi pa injini yaikulu silivulaza injini, ndipo limadula mwaliwiro lokondweretsa. Koma makina a 070 amapitirira makilogalamu 10 asanaikidwe lilime ndi mafuta, pamene MS 180 ndi pafupifupi makilogalamu 4. Kuwanyamula tsiku lonse kudula nkhuni zowambira nsomba ndi kudzizunza, ndipo petulo yemwe amamwa amadya phindu lonse. Wotopa ndiye amavulala. Injini yaikulu ili ndi ntchito yake, makamaka yocheka matabwa, chifukwa kucheka chipika m'litali n'kolemetsa kuposa kuchidula chopingasa, ndipo injini imalira nthawi yaitali osapuma. Pa ntchito imeneyo yochepera 70 cc musaiyese n'komwe. Komabe dziwani kuti tcheni chimadya mpata waukulu, mwakuti pa matabwa atatu kapena anayi alionse a inchesi imodzi, thabwa lathunthu limatsala pansi ngati utuchi.

Ndikamaganiza za muyezo ndimakumbukira mmene amalume ankagwirira ntchito. Adali ndi nkhwangwa ziwiri ndi sompho zitatu, iliyonse ndi ntchito yake: yogobera m'kati mwa bwato, yosalazira m'mbali, ndi kakang'ono kokonzera kumutu. Asanasankhe chida ankayamba ndi mtengo. Ankaukumbatira kuti adziwe mikwamba yake, ankaugogoda kuti amve ngati uli ndi mphako, ankakapempha kwa amfumu, ndipo nthawi zina ankabwerako osautema, ati sunakhwime. Bwato limodzi linkawatengera masabata angapo. Anzawo ocheka matabwa ankakweza chipika pathandala, wina pamwamba wina pansi utuchi ukumugwera m'maso, chipika chimodzi masiku ndithu. Sindikunena kuti tibwerere kumeneko. Msana wa amalume udapindika asanakalambe, ndipo aliyense amene adagwirapo macheka amanja amadziwa kuwawa kwake. Koma dongosolo lawo lidali lolondola: mtengo poyamba, chida pambuyo.

Ngakhale amene adapanga makinawa adaphunzira kuchokera ku mtengo. Andreas Stihl wa ku Germany adapanga macheka oyendera magetsi mu 1926 ndipo oyendera petulo mu 1929, olemera makilogalamu oposa 40, ogwira anthu awiri. Mano omwe tikugwiritsa ntchito lero adachokera kwa Joseph Cox wa ku America, yemwe adakhala pansi n'kumayang'anitsitsa mmene mphutsi yoboola mitengo imatafunira ndi nsagwada zake ziwiri, kumanja kenaka kumanzere, ndipo mu 1947 adayamba kupanga tcheni cha mano opindika motengera mphutsiyo. A Husqvarna a ku Sweden adalowa m'ntchitoyi mu 1959. Zaka zonsezi akatswiri akhala akuyesa kuti injini iti iyende ndi lilime liti. Ife tikufuna kugwetsa nzeru zonsezo ndi tupa wokulitsira mabowo.

Tsono pali funso lomwe limandisowetsa mtendere kuposa ma pisitoni okandika. Ngati mitengo ya m'minda ndi m'makomo mwathu imakwanira ndi mainchesi 20, kodi lilime la mainchesi 36 likufuna mtengo uti? Mitengo yonenepa chotere m'midzi yathu idatha. Amisiri a mabwato lero amasema mango ndi mitengo ina yomwe amalume sakadaiyang'ana n'komwe, ndipo asodzi ambiri adasamukira ku maboti a matabwa. Mbawa ndi mikuyu ikuluikulu yomwe yatsala ili kumanda, m'mphepete mwa mitsinje ngati Bua ndi Kaombe, ndi m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'bwalo lake lonse, yomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015 ndipo mudabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Munthu akandifunsa lilime lalitali kwambiri, nthawi zina ndimadziwa komwe maso ake aloza ngakhale asanene.

Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, silola munthu kudula mitengo yachilengedwe yotetezedwa ngati mbawa ndi mlombwa popanda chilolezo. Koma ngakhale lamulo likadapanda kukhalapo, ife akunyanja tidayenera kudziletsa tokha. Mizu ya mitengo ya m'mphepete mwa Bua ndiyo imagwira dothi kuti lisakwirire miyala yomwe mpasa imaikirapo mazira ikakwera mtsinje. Mbawa wosemeka bwato amatenga zaka makumi angapo kuti afike pamenepo, ndipo macheka a 070 amamugwetsa munthu asanamalize kusuta ndudu ziwiri. Paboma pano, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pali mkuyu womwe anthu amati David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 pokambirana za malonda a akapolo. Alendo amachokera kutali kudzauona. Udafika lero chifukwa mibadwo ingapo ya anthu okhala ndi nkhwangwa idaudutsa n'kuusiya.

Sindidana ndi macheka a injini, ndipo ndimadyera momwemo. Ndaona akutsekula msewu womwe mtengo udatseka, akuchotsa nthambi yomwe ikadagwera denga la kalasi, akusandutsa bulugamu wodzala munthu yekha kukhala fizi ya ana ake. M'manja mwa munthu wodziwa muyezo ndi chida chabwino, chimakhalitsa zaka, ndipo pabenchi panga chimangobwera kudzasintha pulagi ndi kutsuka kabureta. Amisiri omwe ndimawalemekeza kwambiri m'dera lino ali ndi injini imodzi ya 70 cc ndi malilime awiri, la mainchesi 20 logwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi la 25 lomwe limakhala pakhoma kudikira chipika chosowa. Sakhala ndi phokoso pamalo omwera tiyi, koma ndi amene amaitanidwa kawiri pakhomo limodzi.

Pomaliza, inu amene mukusunga ndalama za mpunga, za usipa kapena za kubanki m'khonde kuti mugule makinawa, yambani mwatenga kachingwe n'kuyeza mitengo yomwe mudzadule, ndipo mudzifunse ngati ili yanu kudula. Mitengoyo ndiyo ikuuzeni utali wa lilime. Lilimelo ndilo likuuzeni kukula kwa injini. Ndalama zikapanda kukwana injini yoyenera, fupikitsani lilime, musachepetse mtima. Wogulitsa akakuuzani kuti makina ake amadula chilichonse, mufunseni nambala ya cc ndipo akuonetseni kabuku. Onaninso kuti buleki ya tcheni ikugwira musanapereke ndalama. Safunsa adadya phula. Ndipo nyengo yodzala mitengo ikafika mu Disembala, pa phindu lomwe mwapezalo patulanipo ya mbande zingapo za mbawa, mukadzale m'mphepete mwa mtsinje kapena kumalire a munda. Inu simudzaucheka mtengo umenewo, koma mdzukulu wanu adzafuna bwato.